Khoma la Amake Chipego

Lolemba, 10 Juni 2024
Anapiye afika. Ndawaika m'katoni yayikulu m'kachipinda kakumbuyo. Ndalama yonse ya chilimba, ija timasonkherana azimayi, yathera pa iwo, ndiye akafa nane ndagwa. Kuno ku Kanyama kwazizira chaka chino, ndipo magetsi akubwera ngati mlendo. Akabweranso, babu lowafunditsira likumeza mayuniti mopanda chisoni.

Lachiwiri, 11 Juni
Ndawapeza ataunjikana pakona, atatu apansi atafa. Ndalira ndithu. Ndayatsa mbaula n'kutseka zenera kuti kutentha kusathawe. Posakhalitsa mutu waa, anapiye akuwodzera. A Mutale, amuna anga, atsegula zenera akukalipa: "Ufuna kupaya nkhuku na iwe wemwe?" Amanena zoona, koma sindinawauze. Makala nawo atsala a mawa basi.

Lachinayi, 13 Juni
Zodabwitsa. M'mawa anapiye onse anali mbali imodzi ya katoni, atagona motayana, osalira. Ndagwira khoma, lofunda! Kuseri kwake ndi kumene amake Chipego, aneba athu, anamanga uvuni wawo wa njerwa wophikira masikono. Ndakankhira katoni kukhomako. Tizinthu topanda nthenga, koma tandiposa nzeru.

Lachisanu, 14 Juni
Ndawauza amake Chipego. Aseka mpaka kukhala pansi. "Kanshi nili na bana ku nyumba kwanu?" Madzulo anditumizira njerwa zotentha zokulunga m'masaka, zoika m'katoni. Mbaula sindinayatse n'komwe, ndipo palibe wafa. Mulungu awadalitse mayi amenewa, sindikudziwa ndiwathokoze bwanji.

Lolemba, 17 Juni
Akudya ngati alipira. Timapiko tayamba kutuluka.

Lachitatu, 19 Juni
Mtima uli m'mwamba. Amake Chipego aferedwa mchimwene wawo ku Monze, anyamuka mawa, ndipo akakhalako mpaka mwambo wonse utatha. Ndapita kukapepesa. Ndili pamphasa ndimawalirira, koma maso amangothamangira ku uvuni. Manyazi andigwira.

Potuluka anandikoka chitenje. "Ba neba, osayopa. Tunkhuku situzafa na mphepo. Muzaphika ndimwe."

Ndinati ine sikono sindinaphikepo chibadwire. Iwo akuti azibambo a ngolo pamsika sadikira maliro, akasowa masikono apita kwina osabwereranso. Andionetsa kakandidwe ka fulawa misozi ili m'maso, manja akugwira ntchito okha. Nkhuni ndi fulawa andisiyira, kiyi wandipatsa ndi mwamuna wawo.

Lachinayi, 20 Juni
Ndakoleza uvuni kusanache bwino. Utsi m'maso, fulawa mpaka m'tsitsi. Masikono oyamba apserera pansi. Bambo wina wa ngolo atabwera kudzagula analuma limodzi, n'kundiyang'ana. "Bamake Chipego bali kuti?" Nditamuuza za maliro anavula chipewa, n'kutenga ena awiri.

Ndathamangira kwathu osasamba m'manja. Khoma lofunda. Onse agona motayana, kamodzi katatambasula mwendo. Ndakhala pansi pomwepo, msana kukhoma, mpaka fungo la thireyi yachiwiri linandidzutsa.