Fupa la Amalume a Tadala

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tili bwino, amayi mwendo uja wasiya kutupa. Ine ndiye ndazichita.

Loweruka kunabwera amalume ake a Tadala kudzaona ngati ndikuyenera kukwatira mwana wawo. Amakonda mafupa ootcha, choncho tinazungulira Ndirande mpaka tinapeza lesitilanti yomwe inatsala ndi fupa limodzi lokha lamafuta. Nkhani ili mkati, ine ndi digiri yangayi ndinalitola n'kuliyamwa mokweza. Tadala anandiponda phazi, koma mochedwa.

Kunyumba amalumewo anakhala mpaka madzulo, tiyi osamukhudza, zaukwati osazitchula.

Pochoka, atafika pakhomo anacheuka. "Mkamwini, pachinkhoswe mudzakhale kutali ndi mbale yanga."

Konzekani ulendo, achemwali. Ambuye akusungeni.

Mlongo wanu,
Chifundo