Duku Lobiriwira la Dinah

Mbedza, Zomba
9 Juni 2024

Okondedwa achemwali anga a Ellah,

Ndikhulupirira muli bwino ndi kuzizira kwa ku Joniko. Kuno chiperoni chayamba, m'mawa phiri sitikuliona. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni ndimanama, ndipo inu mumadziwa kuti ndikunama koma mumangondisiya.

Alamu anu a Japhet sali bwino. Thupi lilibe vuto, akudya, akuyenda, ndevu akumeta okha. Koma mutu ukupita. Chiyambire Febuluwale sakundidziwanso. Amandipatsa moni waulemu ngati mlendo wa kutchalitchi, kenaka n'kufunsa, "Mayi, mwamuonako Dinah? Wapita kotunga madzi kalekale." Ndikati Dinah ndine, amaseka. "Iyayi mayi, musasewere nane. Mkazi wanga ndi mtsikana." Zaka makumi anayi m'nyumba imodzi, achemwali, lero ndasanduka mayi wachifundo wodzawaphikira.

Tsono nachi chimene chikundichititsa manyazi. Mukukumbukira mmene ndinkakusekerani ndi paudala wanu, ndikumati nkhope si khoma loti azilipaka laimu? Sekani tsopano, nthawi yanu yakwana. Ndinaganiza kuti makwinyawa atachepako, mwina angandione. Ndinapita kwa a Asiyatu a ku Chinamwali, amene amayenga mafuta a nthanga za malambe, ndipo sindinawabisire kanthu. Iwo anadula peyala pakati, mbali ina n'kufinyirapo ndimu, ina n'kuisiya. Pomaliza kucheza, yosiyidwayo inali itada.

"Mwaonatu amayi," anatero. "Khungu nalo limada choncho ndi dzuwa ndi mphepo. Malambe, uchi, cham'mwamba, zipatso za kuphiriku, zimenezi zimachedwetsa. Koma ine sindinama, n'kuchedwetsa basi. Peyala likada silibwerera."

Mawu omalizawo ndinawasiya pamsika pomwepo. Miyezi itatu ndakhala ndikudzipaka. M'mawa peyala ndi uchi, ndikasamba mafuta a malambe. Cham'mwamba ndimasinja ndekha mumtondo. Ndinafika pokwera phiri pa njinga yamoto kukagula sitiroberi, zina kudya, zina kufinyira kumaso. Ndinkabisala kuseri kwa bafa nkhope ili psuu, ntchentche zikuyesa zapeza phwando. Khungu lasalaladi, a Asiyatu sindingawanamizire. Amayi a Mvano akundifunsa chinsinsi, ndipo wina anachita kundinong'oneza kuti kodi ndapeza wina. Ndinaseka nawo, koma nditafika kunyumba ndinalira.

Lachiwiri lapitali ndinayesa komaliza. Ndinadzola bwinobwino, n'kumanga duku lobiriwira lija munandipatsa ndili mtsikana, limene ndinavala tsiku limene anandifunsira. Ndinawatenga kupita kumtsinje wa Mulunguzi, pamwala pomwe paja anandifunsira. Malowo anawadziwa nthawi yomweyo. Anandifotokozera zonse, mmene Dinah anakanira kawiri, mmene nsapato yake inagwera m'madzi iwo n'kuithamangira atavala suti yobwereka. Sanaphonye ngakhale chimodzi. Kenaka anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, ine ndikuti lero lokha Mulungu wandimvera.

"Duku limeneli ndi la mkazi wanga," anatero. "Mwalitenga kuti?"

Anakwiya, achemwali. Munthu amene sanandikalipirepo pagulu ananditcha wakuba, anthu odutsa akumva. Ndinalimasula n'kuwapatsa. Tinatsika phiri ine imvi zonse zili pamtunda, iwo atalipinda bwinobwino m'thumba la jekete kuti akam'patse mwini wake. Chinandipweteka kwambiri si mawuwo ayi. N'kuona mmene amamukondera mtsikanayo, ine n'kumuchitira nsanje.

Mafuta otsalawo ndikuwadzoza iwo kumapazi, poti zidendene zang'ambika ndi kuzizira. Amakhala phee. Dzulo anati ndili ndi manja abwino, ndipo Dinah akabwera adzandithokoza.

Mafuta a m'botolo aja ndinakupemphani pa foni osanena chifukwa, musagulenso. Ngati mungathe, bwerani nokha pa Khirisimasi. Dzina lanu akulikumbukira. Mwina inu mutandigwira dzanja n'kunena kuti uyu ndi Dinah, angakukhulupirireni. Akapanda kutero, mudzandiitaneko ndi dzina langalo inuyo m'nyumba muno. Ndimalimva tsiku lonse, koma palibe amalitchula akuyang'ana ine.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Mwana wathu Ronnie ali bwino ku Lilongwe, koma za duku sindinamuuze, inunso musamuuze. A Japhet ali pakhonde pompano akuwothera dzuwa, ndipo andifunsa kuti ndikulembera ndani. Nditati a Ellah, nkhope yawo yawala. Akuti moni wambiri kwa mlamu wawo. Akutinso ngati mng'ono wanu ali kumeneko, mumuuze abwere, sanakwiye, duku lake alipeza ndipo akumusungira.

Ine mng'ono wanu,
Dinah