Juzi ya Mfumu ya Ziwanda

Lolemba, 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndi chisoni chachikulu ndikukudziwitsani kuti Mfumu ya Ziwanda za Ayezi, imene mpweya wake umaumitsa magazi a munthu ali chiimire, yavekedwa juzi yachikasu. Oluka ake ndi Amayi athu. Za maliro a ulemu wake tidzalengeza.

Ndikudziwa kuti munafunsa zinthu ziwiri: moyo wa Amayi, ndi tsiku limene ndibwere kudzayamba ntchito ija alamu anandipezera. Lezani mtima, ndifikako.

Mukukumbukira masewera aja munkati ndi a anthu amene sukulu inawapweteka? Timakhala patebulo, aliyense amasanduka munthu wa m'dziko longopeka, ine ndimasimba nkhani ndi kuyankhulira adani, ndipo mwayi wa munthu amagamula ndi madayisi, timiyala ta manambala toponya tija. Chimwalirireni Bambo, Amayi anali atadzitsekera kuchipinda, makatani osatsegula, chakudya kungochilawa. Poopa kuwasiya okha, ndinasamutsira masewerawo patebulo lathu lodyera. Anzanga awiri, a Loya ndi a Dokotala wa mano, amabwera Loweruka masana.

Tsiku lina ndinali pakati pokuwa ndi mawu a Mfumu kuti, "Ndiumitsa mafupa anu!" Chitseko chinangoti bwanthu. Amayi, tsache m'manja.

"Ndani akuitana ziwanda m'nyumba muno?"

A Loya, amene amazunguza oweruza milandu, anandiloza ine. Ndinafotokoza, n'kuwaonetsa kachidole ka chiwanda, kogwira mkondo wa ayezi. Amayi anakatembenuzatembenuza.

"Kameneka? Kopanda ndi malaya omwe? Sunthani uko, a Loya."

Anakhala pansi, Achemwali. Nthawi yawo itakwana ndinawafunsa ngati abaye chiwandacho kapena athawe.

"Ndibaye mwana wa eni ake ndisanamufunse? Iwe, ndiwe mwana wa yani? Wadya?"

Malamulo amati woyankhula ndi mdani aponye dayisi. Inagwa pa nambala yaikulu kuposa zonse, ndiye chiwanda chinayenera kuyankha. Ine, ndi digiri yanga yonse, ndinayamba kupekera chiwanda makolo ndi kwawo. Ndinati chinakulira kuphiri kumene dzuwa silifika, ndipo palibe anachinyamulapo m'manja poopa kuuma.

"Ndiye mukudabwa chiyani?" anatero Amayi. "Munthu wozizidwa sachedwa kupsa mtima. Bambo akonso mapazi awo ankazizira chonchi. Akandikhudza ndinkadumpha ngati ndaponda njoka."

Ndipo anaseka. Anatchula Bambo n'kuseka! A Dokotala anayamba kuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

Kuyambira pamenepo nkhondo yanga, imene ndakhala ndikuikonza kwa zaka, yasanduka sukulu ya mkaka. Chiwanda chikangotulukira ndi mkondo, Amayi amachikalipira, kenako n'kuchilemba ntchito. China chimasunga mkaka kuti usasase. China chimaziziritsa mutu wa a Loya akayamba kutsutsana ndi malamulo. A Loyawo akudandaula kuti lupanga lawo lamoto, limene analivutikira m'phanga la chinjoka, ntchito yake tsopano ndi kuwiritsa tiyi wa adani. A Dokotala anapempha kuti aloledwe kuzula chiwanda chimodzi chokha dzino, Amayi n'kuwayankha kuti, "Simukukhuta nazo kuntchito kwanu?"

Ndinatulutsa Mfumu yeniyeni kuti ibwezeretse mantha. Inazinga mudzi ndi chipupa cha ayezi, mitsinje inauma, mbalame zinagwa m'mwamba ngati miyala. Loweruka lotsatira Amayi anafika ndi juzi ija, yokwana pachala, yamanja ndi kolala yomwe. Ulusi anakagula okha kumsika. Ndikubwereza: okha, wapansi, atasamba ndi kudzola. Anachedwa kubwera chifukwa anaima kucheza ndi wosoka nsapato wa pakona paja. Masiku ano makatani amatsegula ndi iwo, ndipo Lachitatu likafika amayamba kundinyengerera kuti ndiwauze zimene zili kuseri kwa phiri. Ndikakana amati ndinabadwa womana.

Tsono za ntchito. Sabata ija ndinapita kukaonana ndi mabwana, masewera ndinasiyira a Loya. Ndinawaphunzitsa zonse, ngakhale kakuwidwe. Nditabwerako ndinapeza chitseko cha Amayi chotseka, mbale ili panja yosakhudzidwa. Akuti Amayi anangokhala pang'ono patebulo n'kunyamuka, amvekere, "Ziwanda zanuzi zikuyankhula ngati zili kukhoti. Ndidikira za mwana wanga." Anatulukanso pokhapokha atamva mawu a Mfumu akuchokera pakhosi panga.

Ndikupempheni kanthu: mukapeza madayisi a manambala ooneka bwino mutitumizire. Maso a Amayi akuvuta, ndipo ndikuwaganizira kuti nambala akaiona mwachimbuuzi amasankha imene yawakomera.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwathokoze kwambiri. Muwauze mofatsa, akadya kaye, kuti mabwana aja ananditenga, koma ndawalembera kuti malowo apatse wina. Amayi ndawauza kuti sindinakhoze mayeso ake. Anandisisita kumutu n'kunena kuti anthuwo sadziwa munthu. Chonde musawaongolere. Ana muwapsompsone, muwauze kuti agogo awo akulamulira gulu lankhondo.

Musandidandaule, kuno tikuseka mpaka nthiti kuwawa. Kungoti ntchito ija ndinkaifuna, Achemwali. Ndinali nditagula kale nsapato.

Ndine mlongo wanu,
Woweta Ziwanda