Kachitini Kanu ka Nthenga

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno sitili bwino, ndipo sindikubisirani.

Uthenga wa imfa yanu unandipeza m'kalasi ku boma, choko chili m'manja. Mchimwene wanga Yotamu anangoti pafoni, "Amama atisiya." Ndinamaliza chiganizo chomwe ndinali nditayamba pabolodi, kenako ndinakakwera minibasi ya ku Jenda. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinachimaliziranji.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu. Chimanga takolola, ndipo mbuzi yanu yamawanga yaswa awiri. Mkazi wa Yotamu wabereka mwana wamkazi wa zala zazitali ngati zanu. Yotamu anafuna kumutcha Esinati, dzina lanu. Koma mukudziwa kuti ku Champhira kuno wopereka dzina ndi ankhazi, ndipo ankhazi a NyaMoyo, alongo awo a bambo, anakana.

Chifukwa chake ndi kachitini kanu ka mabisiketi. Tsiku logawa zovala zanu, ine nditabwerera kusukulu, achibale a bambo anakapeza pansi pa bedi. M'katimo munali mbedza zovekedwa nthenga za nkhanga, ubweya wa mbuzi ndi ulusi wofiira. Palibe anafunsa Yotamu, palibe anandiimbira. Anangoti ndi zithumwa. Anapemphera, kuthira palafini, n'kutentha kuseri kwa khola. Amayi, awatu ndi anthu omwe munkawasokera zovala za ana, omwe munkawaphikira pamaliro awo! Lero akunong'onezana kuchitsime kuti mkazi wobwera uja ankagonera nyanga.

Ndakwiyiranso inu. Luso limeneli munaliphunzira muli mtsikana ku Limbe, komwe munkamanga mbedza zooneka ngati tizilombo touluka zogulitsa kunja. Inali ntchito yolemekezeka. Nanga munkabisiranji? Achibale a bambo atakusekani kamodzi kuti mkazi sawedza, tikamapita kukawedza munayamba kunena kuti tikukatola nkhuni, ndodo yansungwi mutaisiya m'bango. Munkati anthu sakusowa chowayankhulitsa. Taonani tsopano zomwe akuyankhula.

Mbedza imodzi inapulumuka, ija munandikolowekera pachipewa chaka chatha. Loweruka ndinapita kwa ankhazi, kugwada, n'kuwapempha kuti andiperekeze kukamtsinje kathu kakumunsi kwa dimba, akadzionere okha. Anavomera monyinyirika.

Madzi anali oyera, miyala ikuoneka pansi. Ndinagwada kuseri kwa bango pansi pa mtengo wa katope uja, pokumbukira mawu anu akuti nsomba ya m'kamtsinje imaona mthunzi wako iwe usanaione. Ndinaponya katatu, katatu konse mbedza inakodwa m'nthambi. Ndinkaiwonjola mtima uli m'mwamba, poti ikaduka ndiye kuti zanu zatheratu. Munkandiuza kuti dzanja lokwiya chingwe chimalimva. Ndinakhala pansi, kupuma, n'kuponyanso mofatsa. Inatera pamadzi ngati kachilombo kogwa mumtengo, n'kuyenda pang'ono ndi madzi. Madzi anatumphuka, ndodo inanjenjemera. Temba lalikulu ngati chala chapakati!

Pofika masana ndinali nawo asanu. Ndinamasula mbedza ija n'kuifikitsa pamaso pa ankhazi. Ndinawaonetsa ulusi, nthenga, pomwe munamangira mfundo. Ndinafotokoza mwaulemu, ngati ndili m'kalasi, kuti nsomba imayesa ndi chakudya basi. Iwo anabweza manja kumbuyo.

"Mbwenu waona wekha, mwana wanga," anatero. "Nsomba yanzeru zake ingadye nthenga popanda nyongolotsi? Mankhwala a amayi ako ngamphamvu chomene."

Amayi, munandilera wofatsa. Koma ndinafuna kuthyola ndodo. Ndinangowauza kuti munthu amene sanawone chinthu sakhala ndi mlandu, koma amene wawona n'kukanabe mlandu ndi wake. Sindinayambe ndawayankhulapo chotero. Anapita kwawo okha, ndipo matemba anawakana. Tinadya ine ndi Yotamu.

Lamulungu ankhazi anamutcha mwanayo Masozi, kutanthauza misozi. Yotamu anangowerama.

Choncho ndikulonjezeni ichi. Ndatola kale nthenga za nkhanga. Ndidzamasula mbedza yanuyi pang'onopang'ono kuti ndione mmene munkazungulizira ulusi, ndipo ndizidzamanga zanga pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, wodutsa aliyense akuona. Masozi akadzayamba kugwira zinthu ndidzamutengera kumtsinje, ndodo ili paphewa, kudzera pakati pamudzi. Akadzafunsa anatiphunzitsa ndani, ndidzatchula dzina lanu mokweza.

Ankhazi sindinawakhululukire. Inunso sindinamalize kukukwiyirani, koma ndimakukondani, Amayi. Chomwe chatsala ndi ndodo ili m'bango, phulusa kuseri kwa khola, ndi mbedza imodzi yothothoka nthenga.

Ndine mwana wanu,
Tiwonge