Mapaipi Amene a Maybin Anasiya M'katoni

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Mantha anga ndi moto. Alamu anga a Evans akuti abwera kumapeto kwa mwezi kudzatenga galimoto ya malemu amuna anga, a Maybin. Abale anagwirizana choncho pamaliro, ine sindinakane. Koma a Maybin anasiyira panjira ntchito yoikonza. Tabo yaikulu yoonjezera mphamvu anamanga pa injini, pampu yamphamvu anaika m'thanki, mapaipi a petulo ndi akale aja a labala. Atsopano akadali m'katoni kunsi kwa bedi. Sindingapereke galimoto yoti ikapsereze munthu pamsewu wa ku Chipata.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kutentha koopsa. Nditaweruka kusukulu ndinaitana a Japhet, makaniko a kuloji ya alendo kuno ku Mfuwe. Analowa kunsi, anatuluka akupukusa mutu. Makoswe atafuna paipi malo awiri. "Amadamu, iyi ngakhale pa eyapoti siifika."

Ndazimva motere. Tabo imakankhira mpweya wambiri mu injini, ndipo mpweya wambiri umafuna petulo wambiri. Paipi yopapatiza imamana injini, injiniyo imatentha mpaka kuononga mapisitoni. Paipi ikang'ambika pafupi ndi tabo, imene imafiira ngati khala, basi kwatha. Sayansi yomweyi ndimaphunzitsa ana. A Maybin ankandifotokozera zonsezi pakhonde, ine n'kumangoti ee, maso ali pa makope.

Loweruka, 11 Okutobala

Tayamba. Mapaipi atsopano ndi okulirapo, olukidwa waya kunja, khoswe sangawathe. Alipo awiri, yopita ku injini ndi yobweza petulo wotsala kuthanki. Podula timayamba takulunga tepi kuti waya usamwazike. Azidutsa kutali ndi ekizosi, ndipo tiwamanga ndi kilampu paliponse pamene angakhuzane ndi chitsulo, chifukwa mabampu athu amadya chilichonse. Waya wandibaya zala zonse.

Pakatoni pali zidindo za zala za a Maybin, za girisi. A Japhet amafuna kugonapo kunsi kwa galimoto. Ndawapatsa saka.

Lamlungu, 19 Okutobala

Sabata yonse osalemba. A Japhet anatanganidwa ndi magalimoto a alendo kupaki ya nyama. Ndimamanga ndekha zolumikizira ndikaweruka, chimodzi patsiku, ngakhale ndikanatha zonse tsiku limodzi. Kunsi kuja kumanunkha ngati ovolosi ya a Maybin. Kutchalitchi sindinapite.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Tamaliza. Kuyesa kwake: kutembenuza kiyi osaliza injini, pampu ilire, kenako kugunditsa pepala loyera polumikizira paliponse. Louma ponse. A Japhet anati manja anga ndi a makaniko, kenako analiza injini.

Kulira komwe kuja. Ndinkakumva a Maybin akukhota pamsika wa Mfuwe, n'kudziwa kuti afika, nditereke madzi osamba. Ndinathawira kubafa. A Japhet anaizimitsa okha, kiyi anasiya pawindo, anapita osatsanzika.

Lachitatu, 22 Okutobala

A Evans aimba foni masana. "Alamu, mwaswera bwanji? Yatha? Ndibwere Loweruka?"

Ndinali nditakhala m'galimotomo, mpando wa kumanzere, kumene ndinkakhala kale.

Ndawauza kuti ikudonthabe.