Jezi Yachikasu ya Darlene

Pine Ford, Mississippi
11 Disembala

Okondedwa achemwali a Maxine,

Ndikhulupirira inu ndi alamu anga a Dwight muli bwino ku Ohio ngakhale kukuzizira. Kuno ndili bwino, kupatula bondo lija. Ndasankha kulemba chifukwa pa lamya ndikhoza kutulutsa mawu amene simunandilere nawo.

Mwamva zomwe atichita. Nkhwazi zathu, timu yathu ya mpira ija, zapambana masewero onse a chaka chino, osagonja ngakhale kamodzi, koma akuluakulu osankha matimu anayi okalimbirana chikho cha makoleji atisiya panja. M'malo mwathu alowetsa Njati, timu yomwe inagonja kawiri, kamodzi pabwalo pawo pomwe. Akuti poti mnyamata wathu woponya mpira anathyoka phazi, ndiye kuti sitilinso timu ija. Nanga masewero omalizawa anapambana ndani? Si anyamata omwewa, akuponyeredwa ndi kamwana ka chaka choyamba? Ngati zochitika pabwalo zilibe ntchito, bwanji osangogawana chikhocho m'chipinda chawo cha kuhotelo? Anyamata athu akana masewero achipepeso omwe anawapatsa, ndipo ine ndikuti achita bwino.

Lolemba ndinapita kukameta kwa Roscoe. Mukumudziwa, amakonda Njati ngati zinamubereka.

"Madala, pukutani misozi," anatero lumo lili pakhosi panga. "Akupulumutsani anthu aja. Mukanakumana ndi timu ya Mimbulu mukanabwerako mano ali m'chipewa."

"Meta tsitsi, Roscoe. Za mpira usiyire odziwa kuwerenga zigoli."

"Inu mwamenya ndani chaka chino? Masukulu ophunzitsa kulima mbatata?"

"Olima mbatata omwewo ndi amene anakukwapulani kwanu, amayi ako akuonerera."

Onse anaseka, ngakhale iye. Kenako analosera kuti Njati zitenga chikho. Ine ndinati Njati zituluka pa masewero oyamba, ndipo pa ndime yomaliza Mimbulu idzagonjetsa Zimbalangondo mosavuta. Muwauze a Dwight, poti Mimbulu ndi yawo, koma asanyade kwambiri. Adzanyamula chikho osakumana ndi timu yomwe palibe anaigwetsa.

Ndikudzuka pampando, Roscoe anati, "Akanakhalapo Darlene bwenzi atawaimbira akuluakuluwo mmodzimmodzi, mpaka azimayi awo." Atatero anaona nkhope yanga pagalasi, ndipo anayamba kusesa tsitsi pansi.

Mukukumbukira lamulo la mkazi wanga Darlene pa jezi yake yachikasu: siichapidwa mpaka timu itagonja kapena nyengo ya mpira itatha. Chaka chino anaivala kawiri kokha, kachiwiriko ali pabedi kuchipatala, akukalipira oyimbira pa kanema. Atatisiya mu Seputembala, ndinapitiriza lamulolo. Loweruka lililonse tikamasewera pabwalo pathu ndinkaiyala pampando wake pambali panga, ndipo anzathu a mzere uja ankaipatsa moni ngati kale. Pachifuwa panali dontho la msuzi wa nyama yowotcha. M'khosi mwake munkamvekabe mafuta ake odzola aja. Sindikubisirani, achemwali, sindinkaitulutsa Loweruka lokha.

Lachiwiri mwana wanga Shelby anabwera kudzandithandiza kukonza m'nyumba, ine ndili kwa dokotala wa bondo. Nditabwerako ndinapeza jezi ija itapindidwa bwinobwino pabedi, ikununkhira sopo.

"Adadi, ndachapa ya amayi ija," anatero akumwetulira. "Nyengo yatha, eti? Lamulo lawo sindinaliswe. Dontho lija linavuta, koma lachoka."

Ndinati, "Wachita bwino, mwanawe." Atapita ndinaiyandikitsa kumphuno, koma fungo la mafuta ake lija munalibe.

Mwanayo sanalakwe. Nyengo yathadi, kungoti oithetsa si ife. Akanatipatsa malo athu, jeziyo ikanafika Januwale. Ngakhale tikanakwapulidwa monga anenera Roscoe, ndikanaichapa ndekha, ndi manja anga, ndikudziwa kuti tsiku lake lakwana. Darlene ankadziwa kugonja. Ankazimitsa kanema, kutukwana pang'ono, n'kutenga sopo. Koma ife sitinagonje. Atitsekera chitseko anthu ovala mataye amene sanakhalepo pa benchi yozizira ija.

Chonde musamuuze Shelby zimenezi. Akuganiza kuti kukwiya kwangaku ndi kwa mpira, ndipo zikhale choncho.

Munandiitana kuti ndidzaonere nanu masewero omaliza, ine n'kukana. Ndasintha maganizo, ndibwera. Ndidzakhala phee pakona, a Dwight akakondwere momasuka.

Mundiperekere moni kwa iwo, kwa adzukulu onse, ndi kwa abusa anu amene anabwera ku maliro. Pomaliza ndili ndi kapempho. Khrisimasi yatha Darlene anaiwala mpango wake waubweya kwanuko, ndipo munati munaupachika kuseri kwa chitseko cha chipinda cha alendo. Ndikudziwa mumakonda ukhondo, makamaka mukamayembekeza mlendo. Ngati simunauchape, achemwali, usiyeni momwemo mpaka ndifike.

Ndine mlongo wanu,
Harlan