Chiliza cha Womata Matayala wa pa Santhe

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, a Chigamba, inu amene munafika pa Santhe popanda wodziwa kumene mwachokera. Chinali chaka chimene makuponi a feteleza anayamba. Munatsika pa lole yochokera kokatula mabelo a fodya, pampu ili paphewa, masipanala ali m'kathumba ka ufa, n'kukakhala pansi pa mthethe wa kuseri kwa msika. Ine Lefina ndinali pakhonde la golosale, ndikugulitsa zitumbuwa za mayi. Anthu atakufunsani dzina munangomwetulira n'kupitiriza kumata chubu cha njinga. Posakhalitsa anyamata a kabaza anakutchani a Chigamba, inu n'kumavomera.

Ndi dzina limenelo munandikwatira, ndipo ndi lomwelo tinakuikani m'manda. Koma pa chiliza ndinakana. Amalume a Fredson anagula simenti atangogulitsa fodya wa chaka chatha, mmisiri n'kufunsa choti alembe. Ndinati ayambe wadikira. Dzina la pamsika ndi loitanirana amoyo, si lolemba pamwala umene mwana wanu adzawerenge akadzakula. Mwai wathu, amene munamusiya ali m'mimba, tsopano amathamanga ndipo amafunsa chilichonse. Ndinkaopa tsiku limene adzandifunse kuti iye ndi mwana wa yani, ine n'kusowa yankho. Simenti ija inauma m'matumba, amalume anang'ung'udza mwezi wonse, ndipo manda anu anakhalabe mulu wa dothi.

Kunena zoona, chinsinsi chanu ndinkachikonda. Ndikukazinga zitumbuwa ndinkakupekerani mbiri. Tsiku lina munali mwana wa munthu wolemera amene anathawa ukwati wokakamizidwa. Tsiku lina munali msilikali wotopa ndi mfuti, kapena mnyamata wothawa ku seminale chifukwa analota nkhope yanga. Nyundo ikakuphwanyani chala munkakuwa kuti "Yayi!" ngati anthu a kumpoto, ine n'kusunga mawuwo mumtima ngati ndatola mkanda panjira. Amalume ankati munthu wopanda kwawo sapatsidwa mbeta. Mayi anayankha kuti munthu amene amadzuka m'mamawa n'kusesa pamalo pake pantchito ali ndi kwawo kumene anamulera. Mkulu wina wa mpingo anavomera kukhala nkhoswe yanu, nkhani n'kutha.

Anyamata ena amafunsira ndi sopo kapena chitenje. Inu munandifunsira ndi mtengo wa machesi. Munandiitana kuti ndigwade pambali pa pikapu ya matola, n'kulowetsa mutu wa machesi pakati pa mano a tayala, aja amaluma msewu. Munati mutuwo ukamira wonse, tayalalo likadali ndi ulendo, koma ukaonekera, mwini wake ayambe kufunafuna lina. Kenaka munagwira dzanja langa n'kuliyendetsa m'mbali mwa tayala kuti ndimve ming'alu imene dzuwa limasiya. Za ming'aluzo sindinamve zambiri tsiku limenelo. Ndinkangomva dzanja lanu.

Zina ndinaphunzira pambuyo pake, nditakhala pa benchi yanu masana. Tayala lodyeka mbali imodzi munkati likudandaula kuti galimoto yapindika miyendo. Losalala munkaliseka kuti lachita dazi ngati amalume, ndipo pamatope a Januwale lidzavina lokha. Koma mukaona chotupa m'mbali, kapena mawaya atasuzumira kunja, nthabwala zinkatha. Nkhope yanu inkasintha mpaka ine ndinkachita mantha. Munkakana kumata, ngakhale dalaivala achonderere bwanji. "Chigamba chimatseka bowo, achimwene, sichibweza mano," munkatero. Madalaivala ankakunyozani kuti ndinu abusa a matayala, ena n'kupita kwa womata wina wa kumsewu waukulu. Tayala lakutha likasiyidwa pamthethe paja munkalidula tsiku lomwelo kuti wina asalibwezere pamsewu. Nkhuku za mayi zimamwerabe madzi m'chidutswa chimodzi, ndipo mayi akamathiramo madzi amayankhula nanu ngati muli pafupi.

Nthawi yolembetsa makuponi ikafika, mudzi wonse unkasonkhana pabwalo la sukulu, koma inu munkatsala. Kumeneko ankafuna dzina ndi mudzi wobadwira. Munkati feteleza wa mayi atikwanira, n'kukalowa m'munda mwawo ndi khasu. Ndinkakuonani mutaima pakati pa mizere mukuyang'ana kumpoto, ndipo m'malo mofunsa ndinkangopeka mbiri ina.

Tsiku lija la Novembala mitambo inali itayamba kuda. Anthu anali atadikira masiku angapo kumalo ogulira feteleza, ndipo aliyense atapeza thumba lake ankangofuna kufika kumudzi mvula isanagwe. Kunapezeka pikapu imodzi yokha. Anasanja matumba mpaka pamwamba, amayi a m'mudzi n'kukwera pamwamba pa matumbawo, ine ndi mimba yanga n'kupatsidwa malo kutsogolo. Inu munazungulira galimoto monga mwa chizolowezi chanu. Pa tayala la kumbuyo munagwada, ndipo munachedwa kudzuka. Linali ndi chotupa chachikulu ngati papaya losakhwima, mawaya akuoneka.

Dalaivala anati, "Abusa, kwerani kapena tsalani, mvula sidikira ulaliki." Anthu anaseka. Inu simunaseke. Munatsegula chitseko n'kunditsitsa, kenaka munayamba kupempha amayi mmodzimmodzi, mukuwatchula maina a ana awo. Ena anakutukwanani. Ankaopa kuti akatsika, matumba awo akasowa panjira, ndipo thumba la kuponi likasowa ndiye kuti njala yalowa m'nyumba. Apa m'pamene munanena kuti mukwera ndinu nokha pamwamba, mulondere thumba la aliyense, muuze dalaivala aziyenda pang'onopang'ono, ndipo aliyense woimika galimoto panjira mumuuze kuti malo mulibe. Amayiwo anatsika akung'ung'udza. Munandiponyera chipewa chanu kuti ndidziteteze ku dzuwa, n'kunena kuti ndikakupezani mutatsitsa kale katundu.

Tinali tikuyenda wapansi pamene tinamva kuphulika kumatsitso a kudambo. Mayi anangoti, "Mayo, mkamwini wanga!" n'kuyamba kuthamanga. Tinapeza galimoto itagona cham'mbali, dalaivala atakhala pansi atagwira mkono wothyoka, msewu wonse uli mbuu ndi feteleza ngati kwagwa matalala. Inu munali m'munsi mwa matumba. Amayi aja anawola fetelezayo m'zitenje zawo akulira, chifukwa mvula inali itayamba kudontha ndipo ana kunyumba anafunika kudzadya. Chimanga cha chaka chimenecho chinabereka kwambiri. Ine chinkandikanika kumeza.

Mpaka lero, a Chigamba, sindikwera galimoto ndisanaizungulire. Makondakitala amandiseka kuti ndataya chiyani pansipo. Amayi amene munawatsitsa tsiku lija amachitanso chimodzimodzi, ndipo pa Santhe pano madalaivala ena amabisa mbali ya tayala loipa akationa tikubwera.

Chaka chatha ndinaika chikumbutso chachifupi m'nyuzipepala, pamodzi ndi chithunzi chokhachi chimene tili nacho, cha pa chinkhoswe, pamene munatembenuza nkhope pang'ono kuthawa wojambula. Ndinkangofuna kukulirani. Koma m'mwezi wa Juni chaka chino kunafika mayi wina pakhomo pathu, fumbi lili mpaka m'mawondo, akuyankhula Chichewa chopendekera ku Chitumbuka. M'manja anali ndi chidutswa cha nyuzipepala chonona mafuta. Anati anagula bonya pamsika ku Simlemba, ndipo pomasula phukusi kunyumba anaona nkhope yanu. Mwai atatulukira pakhomo, mayiyo anamuyang'ana makutu, anamuyang'ana chibwano, n'kukhala pansi pa dothi akulira kuti, "Mudumbu wane, mudumbu wane!" Anali a Ennie, mlongo wanu.

Mbiri imene anandiuza sinafanane ndi iliyonse mwa zimene ndinkapeka. Munali dalaivala wa lole ya pa esiteti ina ya fodya. Tsiku lina munaona kuti tayala la kutsogolo latha, mwini lole n'kukuuzani kuti lipirira ulendo umodzi wokha. Munavomera. Kumbuyo kunali anthu aganyu, ndipo pakati pawo panali mng'ono wanu Sankhani, amene munamuitana nokha kuti asayende wapansi. Sankhani ndi anthu ena awiri sanafike. Maliro atatha munachoka osatsanzika, ndipo anakufunani mpaka ku Mzuzu ndi kumalire a Zambia.

A Ennie anati ndikuuzeni, poti ine ndimayankhula nanu, kuti kwanu palibe anakuthamangitsani. Amayi anu anataya mwana mmodzi pamsewu, winayo anadzitaya yekha, ndipo woyenda ndi miyendo yake ndi amene anawapweteka kwambiri. Bwenzi mutandiuza, bambo a Mwai. Ndikanakuperekezani, ngakhale wapansi. Ine ndinkasewera ndi chinsinsi chanu ngati chidole, pamene inu chinkakudyani tsiku lililonse mukagwada pa tayala la munthu.

A Ennie atafuna kutchula dzina lanu, ndinawagwira pakamwa. Ndinawapempha kuti ndikalimve kwa amene anakupatsani. Tinadikira kuti amalume agulitse fodya, kenaka tinanyamuka ndi Mwai kupita ku Simlemba. Amayi anu tinawapeza pakhonde akusenda nandolo. Maso awo achita khungu, koma anamupapasa Mwai kumaso ndi zala, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, n'kunena kuti, "Wabwera mochedwa, ndiponso wabwera wamng'ono." Ndinawafotokozera za pikapu ija, za amayi amene munawatsitsa, ndi kuti tsiku limenelo palibe wina anafa koma inu. Kenaka anandikokera pafupi n'kundiuza dzina lanu pang'onopang'ono, monga mmene ankakuitanirani mukachedwa kudambo ndi ng'ombe.

Ndinalibwereza njira yonse yobwerera. Ndi dzina wamba, lopanda ufumu kapena usilikali, koma ndikalitchula mtima umandiwawa kuposa maloto anga onse aja. Simunandipatse mwayi wokuitanani nalo ngakhale kamodzi muli moyo. Amalume agulanso simenti, ndipo ulendo uno sanang'ung'udze. Mmisiri ayamba ntchito Loweruka. Amayi anu akuti abwera kudzagwira zilembozo ndi manja awo, ndipo a Ennie awaperekeza. Mwai akuphunzira kulitchula, ngakhale lilime limamupindika pakati.

Tikukulirani ine mkazi wanu Lefina, mwana wanu Mwai, mayi, amalume a Fredson, amayi anu ndi a Ennie ku Simlemba, pamodzi ndi amayi onse amene anafika kwawo wapansi tsiku lija. Pamene tili ndi mpweya, simudzachoka pakamwa pathu.

Usani mumtendere, a Simeon Mtonga.